Pepala langa alivomera koma akufuna madola 2,400, ndilipire kapena ndipite kwa otchipa aja?

NaBanda_Mufakose

Moni nonse a mgulu muno, pepani ndilemba zambiri mutu wanditentha. Ndikumaliza Masters ya zaulimi konkuno ku Harare, kafukufuku wanga ndi wa mbozi zija za fall armyworm, mmene alimi ang'onoang'ono aku Goromonzi ndi Domboshava akulimbanira nazo, ena amathira phulusa kapena mchenga pansonga pa chimanga, ena sopo wosungunula, ena mankhwala ogula mtimabotolo topanda ndi lebulo yomwe. Supavaiza wanga anati titumize ku journal ina yakunja yodziwika ndithu. Ma reviewer anatibwezera kuti tikonze ma table ndi zina, tinakonza, nde imelo yabwera kuti alivomera. Ndinavina ndekha mchipinda. Kenako imelo yachiwiri, invoice ya 2,400 USD, akuti ndi APC, ndalama yomwe wolemba amalipira kuti pepala lisindikizidwe, poti pepalalo likatuluka aliyense aziwerenga ulere.

Abale ine ndine mphunzitsi wa sekondale, gawo lina la malipiro limabwera mu ZiG, ndalama yakuno ku Zimbabwe, olo nditasiya kudya ndi kukwera kombi ndalama imeneyo sindingaikwanitse chaka chino. Supavaiza akungoti tiona, dipatimenti akuti ilibe thumba la zimenezi.

Pomwepo inbox yanga yadzaza ndi maimelo a ma journal ena onditcha Professor ine wa choko mmanja, akuti atulutsa pasanathe sabata, madola 60 basi. Mnzanga wina anapita kumeneko ndipo anagraduate bwinobwino palibe anamufunsa.

Nde funso langa lili pawiri. Ndipange bwanji ndi pepalali? Komanso open access imeneyi, yoti mapepala aziwerengedwa ulere, inabwerera ndani kwenikweni, poti ndikulemba literature review mapepala ambiri anali otsekera akuti lipira madola 30 kapena 40 kuti uwerenge limodzi, lero ndafika poti ndine wolemba akutinso lipira.

Anaphiri_wamabuku

Achemwali choyamba musalipire kalikonse, ndipo aja a madola 60 musawayankhe nkomwe. Ine ndimagwira mu laibulale ya yunivesite ina konkuno, nkhani ngati yanuyi imafika pa desiki panga kawirikawiri, nthawi zambiri munthu atalira kale.

Pitani pa tsamba la journal yanuyo muone kaye ngati ili open access yonse kapena ndi ija amati hybrid. Ikakhala hybrid kulipira nkufuna kwanu, mutha kukana ndipo pepala lituluka ndithu, kungoti likhala lotsekera, owerenga ndi okhawo omwe yunivesite yawo inalembetsa. Inuyo mutenge kope lanu lomaliza la Word lomwe ma reviewer anavomereza, osati PDF yawo yokongoletsa ija ayi, nkuliika mu repository, nkhokwe ya pa intaneti ya mapepala a yunivesite yanu. Ena amati mudikire miyezi 12 kapena 24 musanalitsegule, ena salamula kudikira. Malamulo a journal iliyonse mumawapeza pa Sherpa Romeo, pano a Jisc, bungwe la ku UK lomwe limaiyendetsa, anaisintha dzina akuti Open Policy Finder. Google Scholar imalitola pepala la mu repository, munthu wa ku Bunda kapena Chipata akalifuna alipeza.

Ikakhala open access yonse pemphani waiver, kutanthauza kuti akukhululukireni ndalamayo. Zimbabwe ndi Malawi onse ali mu Group A ya Research4Life, pulogalamu yothandiza maiko osauka kuwerenga ma journal, ndipo osindikiza akuluakulu angapo amatsata mndandanda umenewu, corresponding author, wolemba yemwe journal imalemberana naye, akakhala wa dziko la Group A amamukhululukira ndalama yonse. Koma ena amatsata mndandanda wa World Bank, apo mpomwe ife akuno timapwetekera, chifukwa kuyambira 2019 Zimbabwe amaiwerengera lower middle income pomwe Malawi akadali low income. Nde mnzanu wa ku LUANAR atha kukhululukidwa yonse, inu wa ku Harare nkungochotseredwa theka, ngati kuti mthumba mwanu munalowa kanthu tsiku lomwe ku Washington anasintha tebulo lawo. Vuto lina ambiri amafuna kuti waiver mupemphe potumiza pepala, osati atalivomera kale. Lemberanibe, ndipo mulembere editor weniweni osati a invoice okha, mufotokoze kuti ndinu wophunzira, kafukufuku analibe grant, yunivesite ilibe thumba. Kalata ya dipatimenti yokhala ndi chidindo imathandiza.

Za kuwerenga zija mwandimvetsa chisoni chifukwa mwina simunafunike kuvutika chonchija. Mu Research4Life momwemo muli AGORA ya zaulimi, inayamba 2003 pansi pa FAO, ndi HINARI ya zaumoyo ya WHO inayamba 2002. Mayunivesite ndi mabungwe aboma omwe analembetsa amawerenga ma journal ambirimbiri ulere, password imakhala ku laibulale, kungoti ophunzira ambiri amabwera kwathu kudzachaja laptop magetsi akazima basi. Palinso zomwe malaibulale amagula pamodzi kudzera ku mgwirizano wawo wa ZULC kuno, kumudzi ku Malawi ndi MALICO. Ikaninso Unpaywall pa browser yanu, imakusakirani kope laulere lovomerezeka ngati lilipo penapake.

Funso lanu lachiwiri lija. Omwe anakumana ku Budapest nkutulutsa chikalata cha open access mu February 2002 anatchula njira ziwiri, wolemba aziika yekha pepala lake poyera, komanso pakhale ma journal osatsekera owerenga. Sananene kuti wolemba ndi amene azilipira basi. Mpaka lero ma journal ochuluka omwe ali pa DOAJ, kaundula wa ma journal a open access, salipiritsa wolemba olo tambala. Kungoti otchuka aja, omwe ma supavaiza amawakonda, anaona kuti APC ndi msika wabwino.

Chimwemwe263

kkkk asisi mwalandiridwa ku bizinesi yokoma kuposa zonse padziko. Chimanga mwalima nokha, mwapita nacho kuchigayo mwalipira chogayitsa, ogayawo ndi anzanu omwe akugwira ulere, ufa utsala kwa mwini chigayo nkudzakugulitsaninso. Ma reviewer salipidwa, ma editor ambiri salipidwa, kafukufuku analipira ndi misonkho kapena ma donor, koma Elsevier, kampani yaikulu yosindikiza ma journal, phindu lake limapitirira 30 peresenti chaka ndi chaka. Journal ya Nature itayamba open access mu 2021 inati pepala limodzi €9,500. Nde 2,400 yanuyo akukuchitirani chifundo eti.

Ine zowerenga sindivutika nazo, tonse tikudziwa komwe timapita. Alexandra Elbakyan, mtsikana wa ku Kazakhstan, anayambitsa Sci-Hub, tsamba lotsitsirapo ulere mapepala otsekera aja, mu 2011 ali wophunzira ngati inu nomwe, Elsevier inamusumira ku New York khoti nkugamula mu 2017 kuti alipire 15 miliyoni dollars, ndipo olo maprofesa aku Ulaya omwe ali ndi ma password onse amalowa komweko poti nkofulumira. Anaphiri musandikalipire kkkk ndikudziwa a laibulale simufuna kumva dzinali.

Kwa ine aja a 60 ndi aja a 2,400 ndi amodzi, onse akugulitsa mzere wa pa CV, wina wangovala suti. Ngati cholinga nkugraduate lipirani 60 muzipita, moyo ndi wovuta kale.

Madala_Mbewe

Chimwemwe mwana wanga, za phindu wanena zoona koma malangizo ako omalizawo ndi oipa ndipo NaBanda usawamvere. Kusiyana kulipo. Pepala lako anthu odziwa za mbozi analiwerenga nakuuza kuti ma table ako akonzedwe, unakonza, nde lomwe lilipo pano ndi labwino kuposa lomwe unatumiza. Aja a sabata imodzi palibe awerenge, olo utalemba kuti mbozi zimafa ndi nyimbo atulutsa. Ndipo likatuluka kumeneko lapita, journal ina yabwino singalitengenso poti latuluka kale. Tsiku lomwe udzafune scholarship ya PhD anthu a pa panel adzaona dzina la journal ija nkutseka fayilo mwakachetechete. Ndinakhalapo pa ma panel otero ndisanapume ntchito, sitinkakangana nkomwe.

Ine ndinali wa zaumoyo nde ndikupatsani chitsanzo cha kwathu. Mu April 2015 Ebola itapha kale anthu zikwizikwi, Bernice Dahn yemwe anali mkulu wa madokotala mboma la Liberia analemba ndi anzake awiri mu New York Times kuti kale mu 1982 ofufuza aku Ulaya anatulutsa pepala lochenjeza kuti Liberia iwerengedwe mgulu la maiko omwe Ebola ingabuke, atapeza zizindikiro zake mmagazi a anthu akumeneko. Pa olembawo panalibe wa ku Liberia, ndipo iwo anati dokotala wakumeneko akafuna kutsitsa limodzi la mapepala amenewa ankayenera kulipira madola 45. Magazi anali a anthu aku Liberia, chenjezo linakakhala mmalaibulale aku Ulaya. Nde munthu akandiuza kuti open access ilibe ntchito sindimuvomera, kutsegulira owerenga kunali koyenera ndipo nkoyenerabe. Cholakwika ndi choti ndalama anangoisamutsa kuchoka kwa wowerenga kupita kwa wolemba, mtengo nkumauika poyang'ana thumba la Harvard. Plan S ya mabungwe opereka ndalama za kafukufuku ku Ulaya itabwera mu 2018 yokakamiza kuti zonse zizituluka poyera, kwa iwo zinayenda poti grant imalipira, ife opanda grant tinapeza kuti tikuwerenga zambiri kuposa kale koma mawu athu akuchepa mmenemo.

Koma tisamangoloza azungu. Funso lomwe sindinamve wina akufunsa ndi loti nchifukwa chiyani supavaiza anathamangira kunja. Yankho tonse tikulidziwa, komiti yokweza anthu pantchito imawerenga Scopus, kaundula wa Elsevier wa ma journal, ndi impact factor, nambala yoyezera kutchuka kwa journal, pepala la mu journal yakwathu amaliyesa theka la pepala. Tinadzimangira tokha lamulo limeneli, palibe wa ku Amsterdam kwa Elsevier anabwera kudzatilembera. Chonsecho ma journal tili nawo. Central African Journal of Medicine inayamba mu mzinda uno mu 1955, Michael Gelfand ndi amene anaiyendetsa zaka zambiri. Malawi Medical Journal imawerengedwa ulere ndipo ili mu PubMed, komwe anthu amasaka mapepala a zaumoyo, munthu wa ku London amaipeza monga apezera ina iliyonse. Tsamba la AJOL, African Journals Online, linayamba 1998, lili ku South Africa, lili ndi ma journal a mu Africa mazanamazana, a zaulimi aliponso. Ku Latin America anatitsogolera kalekale, SciELO, nkhokwe ya ma journal owerengedwa ulere, inayambira ku Brazil cha mma 1997 ndi ndalama zaboma, ma journal ake ambiri ndi a mayunivesite ndi mabungwe a akatswiri, South Africa inatengera njira yomweyo kudzera ku ASSAf, bungwe lawo la akatswiri a sayansi. Iwo anaona kuti kusindikiza ndi mbali ya ntchito ya yunivesite monga laibulale kapena lab, osati malonda. Ife journal ya dipatimenti imayendetsedwa ndi lekichala mmodzi wotopa usiku, akapita ku Botswana kukasaka msipu journal yafa, kenako tizidabwa kuti bwanji siituluka pa nthawi yake. 2,400 ya pepala limodzi la NaBanda itaperekedwa kwa journal yotero ingalipire hosting, ma DOI (manambala ozindikiritsa mapepala) ndi wokonza zilembo kwa nthawi ndithu.

Kuli chikalata china chotchedwa DORA cha 2012 chomwe chimati munthu muzimuyeza ndi zomwe walemba osati dzina la journal. Ma senate athu akanangochiwerenga.

China NaBanda, olo pepala lako litatsegulidwa bwanji, mayi wa ku Domboshava amene anakuonetsa mmene amathirira phulusa sadzawerenga PDF ya Chingerezi ya masamba 14 yodzaza ma p-value. Ulembe masamba awiri mChishona, zomwe zinagwira ntchito ndi zomwe sizinagwire, upereke kwa alangizi a AGRITEX a dera lija. Palibe adzakupatse mamalikisi pa zimenezo koma uchite.

Chimwemwe263

Madala ndamva, za 60 zija ndabweza. Koma suti sikutanthauza ukhondo, kampani yaikulu ya Wiley inagula osindikiza a Hindawi mu 2021 ndipo mu 2023 mokha anachotsa mapepala opitirira 8,000 omwe anali achinyengo, ena ogula kwa anthu opanga mapepala ngati fakitale. Ukamalipidwa pa pepala lililonse lomwe wavomera umavomera ambiri basi, nde APC yomweyo ndi imene ikubala zonsezi.

NaBanda_Mufakose

Zikomo kwambiri nonse, a Mbewe zikomo bambo, za Chishona zija ndichita ndithu. Anaphiri ndayang'ana, journal yake ndi open access yonse si hybrid, ndipo pa DOAJ ilipo. Koma ndaona china, corresponding author sindine komanso si supavaiza wanga, ndi co-supervisor wathu amene ali pa yunivesite ina ku UK, anamuika iyeyo poti ndi amene anali ndi akaunti kale pa system yawo ndipo netiweki yake siivuta. Invoice anangonditumizira forward. Nde kapena nchifukwa chake waiver sinabwere yokha? Ndiwapemphe asinthe aike dzina langa?

Anaphiri_wamabuku

Eya ndi chimenecho achemwali, system inaona adiresi ya UK nkutulutsa mtengo wonse. Koma musathamangire kusintha, ma journal ambiri amakana kusintha corresponding author pepala litavomerezedwa kale chifukwa anthu ankachita dala pofuna kuzemba APC. Muuzeni kaye co-supervisor wanuyo apite ku laibulale yake akafunse. Mayunivesite aku UK ali ndi mapangano ndi osindikiza ambiri kudzera ku Jisc, amalipira chaka chonse pamodzi kuwerenga ndi kusindikiza komwe, nde munthu wawo akakhala corresponding author nthawi zina invoice imangofufutika, iye amangodina batani kuvomera. Mapangano ena amakhudza hybrid yokha, ena ndi open access yonse yomwe, komanso malaibulale ena kumeneko ali ndi kathumba kapadera ka APC. Nkutheka iyeyo sanafunse nkomwe, maprofesa sadziwa zomwe laibulale yawo inawagulira, ndi matenda a dziko lonse amenewo.

Zikakanika zonse mutha kulichotsa pepalalo mwaulemu, kulemba kalata kuti ndalama palibe, nkulitumiza ku journal yosalipiritsa. Pa DOAJ pali posankha kuti ikuonetseni okhawo opanda APC. Nthawi idzapita koma ndemanga za ma reviewer muli nazo kale pepala ndi lokhwima.

A Chimwemwe sindikukalipirani, kungoti Sci-Hub ndi yosaloledwa ndi malamulo a copyright ndipo mapepala atsopano ambiri mulibemo, komanso vuto la achemwali apa ndi kusindikiza, kumeneko singawathandize. Za Hindawi mwanena zoona. Poyesa journal musadalire dzina la kampani, kale anthu ankadalira mndandanda wa Jeffrey Beall wa ma journal okayikitsa koma anautseka mu January 2017, pano timauza ophunzira adutse mafunso a Think Check Submit, aone ngati ma editor ndi anthu enieni omwe amavomera pa masamba a mayunivesite awo kuti alidi mu journal imeneyo, ndipo atsegule mapepala awiri atatu aone tsiku lolandira ndi tsiku lovomera. Zikatalikirana masiku anayi thawani.

Komwe zikupita ine ndikuona kuti olo eni ndalama atopa nayo APC. Gates Foundation kuyambira January 2025 inasiya kulipira APC, ikuti omwe yawapatsa grant aziika poyera preprint, kope la pepala lisanadutse kwa ma reviewer. Mu April 2023 ma editor onse a journal ya NeuroImage, opitirira 40, anatula pansi udindo pokana mtengo wa 3,450 USD nkukayambitsa journal yawo Imaging Neuroscience ndi MIT Press. A zilankhulo anachita zomwezo mu 2015, anachoka ku Lingua nkuyambitsa Glossa. UNESCO nayo mu November 2021 maiko anavomereza chikalata cha open science chomwe chimalimbikitsa njira zosachita malonda. Koma musayembekeze kuti zisintha mawa, mwini dzina lotchuka amakhalabe ndi mphamvu malinga ngati makomiti aja a Mbewe akuwanena akuwerengabe mayina. Preprint ndi yomwe mungachite lero lomwe popanda chilolezo cha senate, arXiv ya a physics ilipo kuyambira 1991, ya ife kuno AfricArXiv inayamba 2018, kungoti muone kaye ngati journal yanu imalola ndipo olemba anzanu onse avomere.

Madala_Mbewe

Nde mwaona, kuti mwana wa ku Mufakose asindikize ulere za minda ya ku Goromonzi pafunika dzina la munthu wa ku UK pa envelopu. Ofuna kufunsa za kafukufukuyu azilembera iyeyo, oitana ku conference aziitana iyeyo. NaBanda ngati njira imeneyo yatheka itenge, ndalama ulibe, koma uonetsetse kuti dzina lako ndi loyamba ndipo upemphe kuti pa pepala lotuluka aike imelo yakonso, ma journal ambiri amalola ma corresponding author awiri. Data usunge wekha, mafomu a alimi aja asapite kunja onse iwe nkutsala ndi chithunzi cha pa foni.

Anaphiri_wamabuku

Zoona bambo, awiri amalola, bola yemwe anatumiza pa system akhale yemweyo mpaka invoice itatsekedwa, imelo yachiwiri muipemphe pa nthawi ya ma proof, akakutumizirani pepala kuti mulione komaliza lisanatuluke. Ndipo achemwali akakufunsani laisensi musankhe CC BY ngati ilipo, copyright imatsala kwa inu olemba, mutha kumasulira mChishona kapena mChichewa, kusindikiza makope kugawa, kuika mu repository tsiku lomwelo osapempha munthu. Fomu imeneyo imapita kwa corresponding author nde mumuuziretu asanadine.